Lole Ikakana Kulira: Zimene Mivekero Imatiuza za Matenda a Sitata

Mawu oyamba

Dziko la Malawi lilibe doko la kunyanja yamchere. Katundu wambiri amene timadalira, monga mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala, amatsikira ku madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique, Dar es Salaam ku Tanzania ndi Durban ku South Africa, ndipo wochuluka amafika kuno pamsewu ndi malole oyendera dizilo. Lole yotere ikakana kulira pa chipata cha Mwanza, Dedza kapena Songwe, vuto silikhala la chitsulo chokha. Dalaivala amagona pamzere masiku owonjezera, ndalama za kamba zimamuthera, ndipo mwini katundu amakhala akudikira.

Pa nthawi yoteroyo mlandu umafulumira kugwera sitata. Anthu amaimasula, ena amagula ina yatsopano, koma nthawi zina lole imakanabe kulira chifukwa nthenda inali pena. M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti phokoso limene lole imatulutsa munthu akapotokola kiyi limaloza kumene kuli vuto, ndiponso kuti Chichewa chili ndi mtundu wa mawu woyenera kufotokozera phokosolo, umene ndi mvekero. Za m'kati mwa injini ndidaziphunzira pothandiza amalume anga, amene ndi makaniko wa malole, pa nthawi za tchuthi. Za mawu ndaziphunzira m'kalasi.

Ntchito ya sitata pa injini ya dizilo

Injini siingadziyambitse yokha. Pamafunika china choti chiizungulitse kaye. Magalimoto oyambirira ankalizidwa ndi chitsulo chopukusa pamanja, mpaka mu 1912 pamene kampani ya Cadillac ku America idayamba kuika sitata yamagetsi imene adakonza Charles Kettering.

Injini ya dizilo, imene Rudolf Diesel adaionetsa ikugwira bwino ntchito ku Germany mu 1897, ilibe mapulagi oyatsira mafuta ngati ya petulo. Iyo imapanikiza mpweya m'silinda mpaka utenthe kupitirira madigiri 500, kenaka dizilo akapoperedwamo amayaka yekha. Pa malole aakulu mpweyawo umapanikizidwa maulendo apakati pa 16 ndi 18, pamene pa injini zambiri za petulo ndi pafupifupi maulendo 10. Chotero sitata ya lole imasenza ntchito yolemera. Iyeneranso kuzungulitsa injini mwachangu, maulendo apakati pa 150 ndi 250 pa mphindi, chifukwa ikazungulira mwaulesi mpweya umataya kutentha ndipo dizilo sayaka.

Munthu akapotokola kiyi, magetsi ochepa amadutsa mu fyuzi, mu switchi yotsimikiza kuti lole siili m'giya, ndi mu relay, n'kukafika pa solenoid, kachitini kokhala pamsana pa sitata. Solenoid imachita zinthu ziwiri. Imakankha kagiya kakang'ono kuti kalumane ndi mano a flywheel, gudumu lolemera la kumbuyo kwa injini. Kenaka imalumikiza waya wamkulu wochokera ku mabatire, ndipo magetsi ambiri amalowa m'sitata. Injini ikalira, kagiyako kamabwerera m'malo mwake.

Malole ambiri a ku Ulaya ndi ku Japan, monga Scania, Volvo, MAN ndi Hino, amayendera mavolti 24 ochokera m'mabatire awiri a mavolti 12 olumikizidwa motsatana. Ambiri a ku America amayendera mavolti 12, mabatire atatu kapena anayi atalumikizidwa mogundizana mbali ndi mbali. Munthu asanakhudze waya uliwonse adziwe kaye mtundu wa lole yake.

Mvekero ngati chida cha makaniko

Mvekero ndi mawu amene amamveketsa phokoso, maonekedwe kapena kachitikidwe ka chinthu, monga zii, phi, mbee ndi gogogo. Clement Doke adafotokoza mtundu uwu wa mawu m'ziyankhulo za Chibantu mu 1935, ndipo Andrew Kulemeka adafufuza mivekero ya Chichewa m'zaka za m'ma 1990. Kusukulu timakumana ndi mivekero m'nthano ndi m'ndakatulo, motero ambirife timaiona ngati zokometsera chabe. Ku garaja imagwira ntchito ina. Dalaivala akaimba foni kuti lole yafa, funso loyamba la amalume limakhala lakuti, "Mukapotokola kiyi ikuti bwanji?" Yankho lake limakhala mvekero, ndipo mvekerowo ndi umene umawauza zida zoti anyamule.

Mivekero ina ya m'munsimu ndi yodziwika kwa aliyense, ina woyankhula amaipeka pomwepo potsanzira chitsulo. Chofunika ndi kutalika kwa mvekero ndi kubwerezedwa kwake, pakuti kha mmodzi ndi khakhakha amaloza matenda osiyana.

Ikangoti zii

Ngati palibe phokoso lililonse, ndiye kuti magetsi sakufika pa solenoid. Poyamba yatsani nyale zakutsogolo. Zikakana kuyaka, yang'anani switchi yaikulu yodulira mabatire, pakuti malole ambiri ali nayo ndipo wina atha kuizimitsa usiku. Yang'ananinso mitu ya mabatire ndi kawaya kolumikiza mabatire awiriwo. Nyale zikayaka bwino ndipo osachepa mphamvu popotokola kiyi, vuto lili pa njira ya magetsi ochepa ija: fyuzi, relay, switchi ya giya, pamene pamalowa kiyi, kapena kawaya kakang'ono kopita ku solenoid. Kuyeza kwake n'kosavuta. Ikani mita yoyezera magetsi pa kawaya kameneka wina akupotokola kiyi. Magetsi akamafika okwanira koma solenoid ili chete, yafa ndi solenoid kapena waya wa ethi. Akapanda kufika, sitata ilibe mlandu ndipo palibe chifukwa choimasulira.

Ikati khakhakha

Phokoso lobwerezabwereza mofulumira limasonyeza kuti magetsi ndi ochepa. Chimachitika ndi ichi: solenoid imapeza mphamvu yokwanira kukoka, koma ikangolumikiza sitata, sitatayo imameza magetsi onse otsala, solenoid n'kufooka, n'kutaya. Ikataya, magetsi amakweranso pang'ono, iyo n'kukokanso. Zimenezi zimabwerezeka kangapo pa sekondi imodzi. Choyambitsa chimakhala mabatire ofooka kapena mitu ya mabatire yomera ufa woyera kapena wobiriwira. Ufawo umachoka ndi madzi osakaniza ndi soda wophikira, ndipo mitu ikauma ndi kumangidwa zolimba imapakidwa girisi pang'ono. Kupitiriza kupotokola kiyi pamenepa kumangootcha tizitsulo ta m'kati mwa solenoid.

Ikati kha kamodzi n'kukhala chete

Apa solenoid yakoka koma sitata siikuzungulira. Zifukwa zake zilipo zingapo. Tizitsulo tamkuwa ta m'kati mwa solenoid titha kukhala titapsa, kotero kuti magetsi ambiri aja sakudutsa. Mabulashi a sitata, timakala timene timapereka magetsi ku chozungulira cha m'kati, atha kukhala atatha. Waya wamkulu athanso kukhala wosamangika bwino. Madalaivala ena amagogoda sitata ndi chitsulo ndipo nthawi zina imadzuka. Ikadzuka motero ndi umboni wakuti mabulashi atha kapena akumatirira. Kugogodako kumafikitsa lole ku garaja, koma sikuchiza nthenda.

Chifukwa china, choopsa kuposa zonsezi, n'chakuti injini yeniyeniyo yagwira. Madzi kapena dizilo wambiri akalowa m'silinda, monga lole ikawoloka madzi osefukira kapena gasiketi ikaphulika, pisitoni siingakwere chifukwa madzi sapanikizika ngati mpweya. Woumiriza sitata pamenepo atha kupinda zitsulo za m'kati mwa injini. N'chifukwa chake makaniko wosamala amazungulitsa injini pamanja ndi chitsulo chachitali, maulendo awiri athunthu. Ikakana kuzungulira, amasiya kiyi.

Ikamazungulira mwaulesi

Dalaivala amafotokoza izi pokoka mawu, ngati ng'uu, ng'uu, mofanana ndi munthu wosenza thumba lolemera. Magetsi akufika koma ndi osakwanira, kapena sitata ikulimbana ndi chinthu. Yambani ndi mabatire ndi mawaya monga ndifotokozere m'munsimu. Zimenezo zikakhala bwino, mwina mabushi a sitata adyeka ndipo chozungulira cha m'kati chikukhula m'mbali. Oyilo wolimba kuposa woyenera amawonjezera vutoli m'mamawa wa mwezi wa June kapena July, makamaka kumalo ozizira monga Dedza.

Ikati wiii, kapena khwerere

Sitata ikamalira mopepuka ndi mwaliwiro, wiii, injini osagwedezeka, ndiye kuti kagiya sikakulumana ndi flywheel, kapena kachipangizo kogwiriza kagiyako kakuterereka. Apa mlandu ndi wa sitata ndithu, ndipo iyenera kumasulidwa.

Phokoso lokhadzula, khwerere, ndi la mano a zitsulo amene akukhulana osalumana. Yang'anani kaye ngati mabawuti ogwira sitata ali olimba. Mukaimasula, unikani ndi tochi mano a flywheel kuzungulira gudumu lonse. Injini ya masilinda 6 imakonda kuima pa malo atatu okhaokha, ndipo ya masilinda 4 pa malo awiri, choncho mano amadyeka pa malo amenewo. N'chifukwa chake lole ina imalira bwino lero, mawa n'kukhadzula. Sitata yatsopano yoikidwa pa mano odyeka siichedwa kuonongeka.

Ikamazungulira bwino koma osalira

Apa sitata yachita mbali yake. Vuto lili ku mafuta: thanki yauma, fyuluta yatsekeka, mpweya walowa m'mapaipi a dizilo, kapena kompyuta ya injini siikulola mafuta kupoperedwa. Ngozi ndi yakuti dalaivala wokhumudwa amaumiriza kiyi mpaka sitata yabwinobwino ipse. Lamulo lodziwika pa masitata a malole ndi lakuti osapitirira masekondi 30 pa ulendo umodzi, kenaka kuipumitsa mphindi 2 kuti izizire.

Palinso nthawi imene injini yalira koma sitata ikupitiriza kulira limodzi nayo. Tizitsulo ta mu solenoid tamatirirana kapena kiyi sakubwerera. Zimitsani injini ndi kudula mabatire pa switchi yaikulu nthawi yomweyo, chifukwa mawaya atha kuyaka.

Khutu likaloza, mita itsimikize

Mvekero umachepetsa malo ofufuza, koma suthetsa mlandu. Chotsatira ndi kuyeza, ndipo kuyeza kumayambira ku mabatire, kupita ku mawaya, kuthera ku sitata.

Batire la mavolti 12 lodzaza bwino, litapuma, limaonetsa pafupifupi 12.6. Likaonetsa 12.2 lili cha pakati, ndipo pansi pa 12.0 latsala pang'ono kutheratu. Mabatire awiri otsatana ayenera kuyezedwa lililonse palokha, chifukwa limodzi lofooka limagwetsa onse. Izi zimachitika kawirikawiri dalaivala akalumikiza wailesi kapena kafiriji ka mavolti 12 ku batire limodzi lokha. N'chifukwa chakenso mabatire otere amasinthidwa onse awiri pamodzi. Pozungulitsa injini, batire lililonse lisatsike pansi pa mavolti 9.6. Injini ikalira, mita iyenera kuonetsa mavolti apakati pa 27 ndi 28.5 pa lole ya mavolti 24. Ikaonetsa ochepera, alitaneta siikudzaza mabatire, ndipo mawa lole idzakananso.

Kuyeza mawaya ndi kumene ambiri amadumpha. Waya atha kuoneka wabwino kunja koma atadyeka m'kati. Taonani chitsanzo cha masamu ichi. Tiyerekeze kuti dzimbiri la pamutu wa waya likutsekereza magetsi ndi 0.01 ohm yokha. Nyale ziwiri zakutsogolo zimakoka pafupifupi maampeya 6, motero zimangotaya 0.06 ya volti ndipo zimawala bwino. Sitata yokoka maampeya 400 imataya mavolti 4 pamalo omwewo. Choncho kuwala kwa nyale si umboni wakuti mawaya ali bwino. Waya amayezedwa pamene akugwira ntchito yolemera. Ikani nsonga imodzi ya mita pamutu wa + wa batire ndi inayo pa bawuti yaikulu ya sitata, wina apotokole kiyi, muwerenge. Chitani chimodzimodzi kuchokera pamutu wa ethi kufika pa thupi la sitata. Mukaphatikiza ziwirizo zisapitirire pafupifupi volti 1 pa lole ya mavolti 24, kapena theka la volti pa ya mavolti 12. Popanda mita, gwirani mitu ya mawaya mutangoyesa kuliza. Pamene pakutentha ndi pamene magetsi akutsamwa.

Tchuthi china ndidaperekeza amalume kwa dalaivala wina wachikulire amene adali atagona masiku awiri m'mbali mwa msewu ndi feteleza wochokera ku Beira. Adali atagula kale sitata ina n'kuimangitsa, koma lole inkangoti ng'uu, ng'uu.

"Achimwene, sitata ija mwachotsayi inkalira bwanji?" adafunsa amalume.

"Chimodzimodzi, amakaniko. Mwina andigulitsanso yakufa."

"Ayi, masitata awiri sangadwale nthenda imodzi. Tapotokolaninso pang'ono."

Amalume adayeza mbali ya ethi ndipo mita idaonetsa kuti magetsi ambiri akutayika. Lamba wamkuwa wolumikiza injini ndi chesisi adali atathothoka, kutsala tingwe towerengeka. Atamusintha, lole idalira ulendo woyamba. Dalaivalayo adatsala ndi masitata awiri abwino komanso ngongole kwa bwana wake.

Zoyenera kusamala

Musanagwire chilichonse, lole ikhale kunja kwa giya, mabuleki oimikira atagwira, ndipo matayala atsamizidwe ndi mitengo kapena miyala. Ngati mwapendeketsa mutu wa lole kuti mufike pa injini, onetsetsani kuti chogwiriza chake chalowa. Vulani mphete ndi wotchi yachitsulo. Pomasula mabatire yambani ndi waya wa ethi, ndipo pomanga muthere nawo. Batire limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika, choncho fodya ndi moto zikhale kutali.

Pali chizolowezi cholumikiza mabawuti a solenoid ndi sipanala kuti sitata izungulire popanda kiyi. Njira imeneyi imalambalala switchi ya giya. Lole ikakhala m'giya imanyamuka munthu ali pakati pa matayala, ndipo anthu amafa motere. Kukoka lole yolemera kuti ilire kulinso ndi ngozi zake: injini ikakhala yozima chiwongolero chimalimba, ndipo m'matanki mukapanda mpweya mabuleki oimikira samasuka. Pobwereka magetsi kwa lole ina, mavolti akhale ofanana. Mavolti 24 olowetsedwa mu lole ya mavolti 12 amaotcha kompyuta ndi mababu.

Mawu a m'garaja

Chinenero cha ntchitoyi chili ndi phunziro lakelake. Mawu ambiri ndi obwerekera ku Chingerezi, koma amatsata malamulo a Chichewa. Phatikizo la Chichewa nthawi zambiri limathera ndi lembo la liwu, ndipo lembo la s silitsatiridwa ndi t kapena p. N'chifukwa chake timalowetsa i pakati n'kunena kuti sitata ndi sipanala. Mayina obwerekerawa amalowanso m'magulu athu a mayina, ndipo ambiri amachulukitsidwa ndi ma-, monga mabatire, mawaya ndi mabulashi. Kagiya ka sitata amalume amakatchula kuti bendikisi, dzina lochokera kwa Vincent Bendix wa ku America, amene adapanga njira yolumanitsira kagiyako ndi flywheel m'zaka za m'ma 1910. Masitata a malole amasiku ano amakankha kagiyako ndi solenoid, koma dzinalo lidatsala.

Aneni okha ndi amene sitidabwereke. Timati lole yalira, yakana, yafa, yadzuka, ndipo batire latha. Mneni woti kuliza ndi msintho wamchititsa wa kulira, kutanthauza kuchititsa chinthu kutulutsa mawu, monga timalizira ng'oma kapena belu. Pamene Chingerezi chimatchula kuyamba kwa injini, Chichewa chimatchula phokoso lake. Mwina n'chifukwa chake funso la amalume lakuti ikuti bwanji silidabwitsa dalaivala aliyense, ngakhale amene sadapite patali ndi sukulu.

Izi zili ndi tanthauzo kwa ife ophunzira ziyankhulo. Mabuku okonzera malole amalembedwa m'Chingerezi, pamene anyamata ambiri ophunzira umakaniko m'magaraja amaphunzira pakamwa m'Chichewa. Wofuna kuwalembera kabuku safunika kupeka mawu atsopano a solenoid kapena flywheel amene palibe adzawagwiritse ntchito. Angayambire pa mawu amene alipo kale, n'kusanja mitu ya kabukuko motsata mivekero, chifukwa ndi mmene vutolo limafikira kwa makaniko.

Mawu omaliza

Nkhaniyi yaonetsa kuti lole yokana kulira imapereka zizindikiro zosiyanasiyana. Zii amaloza ku njira ya magetsi ochepa, khakhakha ku mabatire ndi mitu yake, kha mmodzi ku solenoid, mabulashi kapena injini yogwira, ng'uu ku mabatire ndi mawaya, wiii ku kagiya, ndipo khwerere ku mano a flywheel. Pa zonsezi ndi zochepa zimene zimafuna kuti sitata imasulidwe. Ndondomeko yake ndi kumvetsera, kuyeza mabatire, kuyeza mawaya onse awiri injini ikuzungulitsidwa, ndipo pomaliza kumasula sitata. Dalaivala wotsata ndondomeko imeneyi, wokhala ndi mita, sipanala ndi soda pang'ono m'bokosi lake, angathe kudzipulumutsa ku mavuto ambiri a pamsewu, kapena kuuza makaniko pa foni chenicheni chimene ayenera kunyamula.